Zizolowezi za msinkhu wapakati ndi kuthamanga kwa magazi: uthenga kwa anthu a zaka 40 mpaka 60 mu Blantyre

Munthu akapitirira zaka 40, moyo wake umakhala ndi dongosolo lokhazikika. Amadziwa kapu imene amamweramo tiyi, mpando umene amakhalapo pakhonde madzulo, wogulitsa nyama amene amamukhulupirira pamsika wa Limbe kapena wa Ndirande, ngakhalenso mbali imene amakonda kukhala mu Kamuzu Stadium tsiku limene Bullets ndi Wanderers zakumana. Zinthu zimenezi n'zabwino, ndipo uthenga uno sukufuna kukulandani chilichonse mwa izo. Ukufuna kuti mudziwe mmene zina mwa zizolowezi zimenezi zimakhudzira mitsempha ya magazi, mtima ndi impso, chifukwa pamsinkhu umenewu m'pamene matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri amangoti BP, komanso matenda a shuga, amayamba kuchuluka.

Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 a anthu amenewa sankadziwa kapena sankalandira mankhwala. Kusadziwa kumeneku sikuchokera ku uchitsiru ayi. Matendawa nthawi zambiri sapweteka ndipo saonetsa chizindikiro, moti munthu amatha kugwira ntchito, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, kuvina paukwati wa mwana wake, magazi akuthamanga mopitirira muyeso kwa zaka zambiri.

Chimene chimachitika m'thupi

Mtima umapopa magazi kudzera m'mitsempha, ndipo magaziwo amakankha makoma a mitsemphayo. Munthu akamakula, mitsempha imayamba kuuma, ndipo akamadya mchere wambiri thupi limasunga madzi ochuluka, choncho kukankha kuja kumakula. Zili ngati paipi yakale imene madzi akubweramo ndi mphamvu yoposa imene inapangidwira: imatha nthawi yaitali osaonetsa vuto, kenaka n'kuphulika pamalo ofooka. M'thupi la munthu malo ofookawo ndi ubongo, mtima, impso ndi maso. Mtsempha wa mu ubongo ukaphulika kapena kutsekeka, munthu amadwala sitiroko ndipo amatha kufa ziwalo mbali imodzi, chinthu chimene m'makomo mwathu kawirikawiri chimayambitsa kulozana zala ndi kuganizirana ufiti, pamene gwero lake linali loyezeka ndi kachipangizo kakang'ono.

Poyeza BP pamatuluka manambala awiri. Ngati nambala yapamwamba ifika 140 kapena kupitirira, kapena yapansi ifika 90 kapena kupitirira, pamasiku awiri osiyana, ndiye kuti magazi akuthamanga mopitirira muyeso. Kumva mutu, chizungulire kapena kuuma kwa khosi si muyeso wodalirika, ndipo mawu akuti "ine ndimadzimva BP ikakwera" apusitsa anthu ambiri.

Tiyi, shuga ndi zakumwa

Palibe chizolowezi chokoma pamsinkhu uwu choposa tiyi wa m'mawa, makamaka mu June ndi July pamene chiperoni chaphimba phiri la Soche. Tiyi payekha alibe vuto. Vuto lili m'supuni. Taonani mmene zimakhalira patebulo: supuni yoyamba yodzaza, yachiwiri, yachitatu, kenaka kulawa, n'kuwonjezera theka chifukwa kapu ndi yaikulu. Munthu yemweyo amamwanso tiyi pa 10 koloko ku ofesi ndi mandasi kapena sikono, ndipo madzulo amamwa wina. Bungwe la WHO limalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni ang'onoang'ono 12, ndipo limati kutsika kufika theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Makapu atatu a tiyi wa masupuni atatu atenga kale 9. Botolo limodzi la chakumwa chozizilitsa kukhosi la mamililita 300 limakhala ndi masupuni pafupifupi 8, ndipo Sobo ndi thobwa lothira shuga nazonso zimawerengedwa.

Njira imene imathandiza ambiri ndi kuchepetsa pang'onopang'ono, theka la supuni sabata iliyonse, popeza lilime limazolowera pakapita milungu ingapo. Ena amanena kuti shuga wa kuno ali ndi vitamini A, zimene ndi zoona, koma chimenecho si chifukwa chothirira wambiri.

Mchere woonekera ndi wobisika

Pankhani ya BP, mchere ndiwo uyenera kuyang'aniridwa kwambiri. Muyeso wa WHO ndi wosapitirira magalamu 5 patsiku, kutanthauza supuni imodzi yaing'ono, ndipo muyeso umenewu ukuphatikiza mchere wonse, wa mumphika, wa patebulo ndi umene uli kale m'zakudya zogula. Anthu ambiri amaganizira wa patebulo wokha. Komatu buledi, majarini, soseji, polony, nsomba zouma zothiridwa mchere ndi timabulo tokometsera ndiwo zonse zili ndi mchere wochuluka, ndipo soda amene timathira mu therere nayenso ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mu mchere. Pachiwaya, nyama ndi tchipisi zimabwera ndi kamulu ka mchere wosakaniza ndi tsabola pambali pa mbale, ndipo chidutswa chilichonse chimagunditsidwa pamenepo chisanalowe m'kamwa. Munthu amene amadya motero Loweruka lililonse, kuwonjezera pa ndiwo za kunyumba, amapitirira muyeso kutali kwambiri.

Kwa amene amaphika, malangizo ndi awa. Yezani mchere ndi supuni m'malo mwa dzanja, ndipo ngati mwathira kabulo kokometsera musathirenso mchere. Viikani nsomba zouma m'madzi ndi kutaya madziwo musanaphike. Tomato, anyezi, adyo, mandimu ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo mokwanira. Chotsani kambale ka mchere patebulo, ngakhale bambo a m'nyumba adandaule masiku oyambirira, pakuti kudandaula kumeneko kumatha. Mchere wochepa umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini.

Nsima siyoletsedwa. Ya mgaiwa ndi yabwino kuposa ya ufa woyera chifukwa imagayika pang'onopang'ono, koma chofunika kwambiri ndi chiwerengero cha mitanda. Munthu amene amakhala pampando tsiku lonse safunika mitanda yofanana ndi ya munthu amene wachokera kumunda. Theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru kapena kholowa, ndipo nyemba, nandolo ndi khobwe zizilowa m'malo mwa nyama masiku ena. Blantyre ali ndi mwayi wa zipatso, nthochi za ku Thyolo, nanazi za ku Mulanje, magwafa, mapapaya ndi mango pa nyengo yake.

Mimba, mpando ndi galimoto

Kwa ambiri msinkhu wapakati ndi nthawi imene zinthu zimayamba kuyendako bwino, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi kusiya kuyenda pansi. Amene ankayenda kuchokera ku Zingwangwa kukafika m'tauni tsopano amakwera minibasi, njinga yamoto kapena galimoto yake, ndipo kunyumba chilichonse amatuma mwana. Mimba ikayamba kutuluka anzake amamutcha bwana, ndipo mayi akanenepa achibale amati banja likumusamala. Palinso mantha akale akuti munthu akaonda anthu amuganizira matenda ena. Maganizo amenewa ndi ozika mizu ndipo ndi omveka, koma mafuta a pamimba ndi amene amayenderana kwambiri ndi matenda a shuga ndi a mtima.

Mukhoza kudziyeza nokha ndi chingwe. Dulani chingwe chofanana ndi kutalika kwanu kuchokera kumutu kufika kuphazi, chipindeni pakati, kenaka muzungulize pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, ndiye kuti mimba yapitirira theka la kutalika kwanu, ndipo ndi nthawi yochepetsa.

Thupi la munthu wamkulu limafuna mphindi zosachepera 150 pasabata za ntchito yochititsa kupuma mofulumirirapo, monga mphindi 30 masiku asanu. Sipafunika malo olipira ochitira masewera olimbitsa thupi. Mzinda uno ndi wa zitunda, ndipo kuyenda ndawala kukwera mtunda wa ku Chilomoni kapena ku Bangwe ndi ntchito yokwanira. Kutsika minibasi siteji imodzi musanafike, kulima kadimba kuseri kwa nyumba, kuchapa, kusesa ndi kuvina ku kwaya zonse zimawerengedwa. Amene akhala zaka zambiri osachita chilichonse ayambe ndi mphindi 10, ndipo amene amamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika akamayenda aonane kaye ndi achipatala.

Mowa, fodya ndi nkhawa

Kucheza ndi anzanu n'kofunika pa umoyo, ndipo munthu wa msinkhu uwu amene alibe ocheza nawo amavutika mumtima. Koma mowa, kaya ndi wa m'botolo, Chibuku, masese kapena kachasu, umakweza BP, umanenepetsa ndiponso umawononga chiwindi, ndipo kumwa wambiri tsiku limodzi kumapeto kwa sabata n'koopsa ngakhale masiku ena onse musamwe. Fodya alibe muyeso wabwino ngakhale pang'ono, wosuta ndi wofwenkha yemwe.

Msinkhu uwu ndi umenenso aliyense amayang'ana kwa inu. Fizi ya ana, mankhwala a makolo kumudzi, zopereka za maliro ndi zinkhoswe, ngongole ya ku banki mkhonde, zonse zimafika pakhomo limodzi. Nkhawa yosatha imasokoneza tulo ndipo imachititsa anthu kumwa ndi kudya mosayenera. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Ngati akunyumba akunena kuti mumaliza mkonono kwambiri ndipo nthawi zina mumaleka kupuma muli m'tulo, musazitenge ngati nthabwala, chifukwa vuto limenelo limayenderana ndi BP.

Zimene timangoti ndi ukalamba

Kusintha kwina ndi kwachibadwa. Kuyamba kutalikitsa foni kapena Baibulo kuti muone zilembo pazaka za m'ma 40 kumachitikira pafupifupi aliyense, ndipo magalasi owerengera amathetsa vutolo. Amayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo amamva kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku, koma adziwe kuti kuyambira nthawi imeneyo chiopsezo cha BP ndi matenda a mtima chimakwera, ndipo kutaya magazi pambuyo poti munasiya kusamba kumafunika kupita kuchipatala msanga. Zizindikiro zina siziyenera kukankhiridwa ku ukalamba. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda popanda chifukwa, kutopa, dzanzi kumapazi, chilonda chosapola ndi kuona mwachimbuuzi zikhoza kukhala zizindikiro za matenda a shuga. Kwa abambo, kuchepa mphamvu m'banja nthawi zina ndi chenjezo loyamba la shuga kapena la mitsempha yowonongeka, ndipo ndi bwino kuuza dokotala m'malo mogula mankhwala a m'misika.

Kuyezetsa ndi kumwa mankhwala

Aliyense wa zaka 40 kupita m'tsogolo ayezetse BP kamodzi pachaka ngakhale akumva bwino, ndipo apemphenso kuyezedwa shuga, makamaka ngati ali wonenepa kapena ngati kholo kapena m'bale wake anadwalapo. Mungapemphe zimenezi pazipatala zazing'ono monga za Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe ndi South Lunzu, ndipo amene akufunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Gulupu. Amene akumwa ma ARV apemphe kuyezedwa BP tsiku lokatenga mankhwala. Musamwe tiyi, khofi kapena kusuta kwa mphindi 30 musanayezedwe, khalani pansi mphindi zisanu, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo, ndipo musalankhule poyezedwa. Onetsetsani kuti manambala alembedwa m'buku lanu la kuchipatala.

Mankhwala monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril a BP, kapena metformin a shuga, amagwira ntchito pokhapokha akumwedwa tsiku ndi tsiku. Cholakwika chofala kwambiri ndi kusiya mankhwala manambala akatsika, pamene atsika chifukwa cha mankhwala omwewo. Adyo, chammwamba, mandimu ndi zitsamba zogulitsidwa m'mabotolo sizilowa m'malo mwa mankhwala, ndipo kupemphera sikutsutsana ndi kumwa mapiritsi. Ngati mankhwala akukupatsani chifuwa chouma, kutupa mapazi kapena chizungulire, bwererani kuchipatala kuti akusinthireni m'malo mongosiya. Chenjeraninso ndi mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene ambiri a msinkhu uwu amagula chifukwa cha msana ndi mawondo, pakuti akamwedwa kawirikawiri amakweza BP ndi kuwononga impso.

Pamene simuyenera kudikira

Ngati munthu wapindika pakamwa mbali imodzi mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wafooka, akulephera kulankhula bwino, wasiya kuona, akumva mutu woopsa umene sanaumvepo, kapena akumva kupweteka kofinya pachifuwa ndi kubanika, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale zizindikirozo zitasiya patapita mphindi zochepa. Musamupatse chakudya, madzi kapena mapiritsi, chifukwa munthu wa sitiroko amatha kutsamwa. Kumbukirani nthawi imene zizindikiro zinayamba ndipo mutenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa. Pamafunso ena osakhala adzidzidzi, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena imbani ku Chipatala Cha Pa Foni.