Katochi ka pa makiyi: kasankhidwe kake ndi kukakonza kuti kaziyaka mmene mukufunira

Ogulitsa matochi amadziwa kuti maso a wogula amathamangira nambala yaikulu ya pa katoni, ma lumen (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) 500 kapena 1000. Pa tochi ya mlonda nambala imeneyi ili ndi ntchito. Koma pa katochi kolendewera pa makiyi, yambani mwayang'ana nambala yaing'onoyo, ya kuwala kotsikitsitsa, kenako mudzifunse kuti batire lake muzilipeza kuti likatha. Ntchito za katochi kotere n'zapafupi: kupeza bowo la loko pakhomo, kulowetsa mayunitsi pa mita magetsi atazima, kufufuza ndalama imene yagwera pansi pa mpando wa minibasi, kuunika njira ya kuchimbudzi nthawi ya dzinja kuopa kuponda njoka, kusuzumira mwana amene wagona osamudzutsa. Pa zonsezi maso amakhala atazolowera kale mdima. Lumen imodzi imakwana kuwerengera manambala a pa mita, ma lumen 5 mpaka 15 amakwana kuyenda m'nyumba, ndipo 30 mpaka 50 amaonetsa bwino njira panja. Mukawalitsa ma lumen 300 pa khoma loyera lili pafupi nanu, mumadzithobwa nokha m'maso, ndipo mukazimitsa simuonanso kanthu kwa kanthawi.

Masamu ake ndi osavuta. Batire la AAA lotchaja limasunga mphamvu pafupifupi 1 Wh (wati imodzi kwa ola limodzi), chifukwa ndi 1.2V kuchulukitsa ndi 800 mAh. Tochi yabwino imatulutsa ma lumen pafupifupi 100 pa wati imodzi. Ndiye kuti pa ma lumen 100 batirelo likhala ola limodzi kapena kucheperapo, pa ma lumen 5 likhala usiku wonse ndi kupitirira, koma pa ma lumen 500 silingadutse mphindi 12, ngati n'komwe lingakwanitse kutulutsa mphamvu yotere. Komanso diso la munthu siliwerenga kuwala mmene imawerengera makina. Kuti muone ngati kuwala kwawirikiza kawiri, ma lumen ayenera kuwirikiza pafupifupi kanayi. Amene walipira zambiri kuti apeze 500 m'malo mwa 350 wagula kusiyana kumene maso ake sadzakuzindikira.

Makampani odalirika amatsata muyezo wa ANSI FL1 umene unakhazikitsidwa mu 2009, ndipo ndi bwino kudziwa mmene umawerengera. Ma lumen amayezedwa pakangopita masekondi 30 tochi itayatsidwa, batire lili lodzaza. Nthawi imene amalemba kuti tochi imakhala ikuyaka imawerengedwa mpaka kuwala kutatsika kufika pa 10 peresenti ya poyamba. Choncho katochi kolembedwa kuti "500 lumens, 1 hour" sikapereka 500 kwa ola lathunthu. Kamawala chomwecho kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kamatentha, kenako kamadzitsitsa kokha. Sikanawonongeke ayi, kathupi kake n'kochepa moti kutenthako kulibe kothawira. Pa nkhani ya madzi, IPX4 ndi yopirira mvula yowaza basi, pamene IPX7 ndi yoti ikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Makiyi amagwera m'matope ndi m'ndowa, choncho IPX7 kapena IPX8 ndiye yoyenera.

Batire ndi limene limagawa timatochi timeneti m'magulu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa.

Gulu loyamba ndi la AAA imodzi, monga Olight i3E EOS kapena Fenix E01. Mumayatsa popotokola mutu wake, palibe batani loti lidinike lokha m'thumba, ndipo mukazimitsa batire silidyeka ngakhale pang'ono. Ubwino wake waukulu ndi woti AAA imapezeka pa gulosale iliyonse. Koma si AAA iliyonse imene ili yofanana, ndipo chinsinsi chili pa zilembo zazing'ono za m'mbali mwa batire. R03 ndi lotsika mtengo lija la zinc-carbon, lopangidwira mawotchi ndi marimoti, ndipo mu tochi limafooka msanga. LR03 ndi la alkaline, lili ndi mphamvu zokwanira koma likakhalitsa limatulutsa madzi amene amauma n'kukhala ufa woyera, amadya sipuling'i, ndipo nthawi zina batire limatupa n'kukanirira m'kati osatulukanso. HR03 ndi lotchaja la NiMH, monga Eneloop ya Panasonic. Limeneli silichucha kawirikawiri ndipo limasunga mphamvu miyezi yambiri lili chikhalire, n'chifukwa chake ndi limene ndimalimbikitsa. FR03 ndi la lithium losatchaja, lokwera mtengo koma lopepuka, loyenera tochi imene imakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito.

Pali batire lina lofanana ndendende ndi AAA m'maonekedwe, lolembedwa 10440. Ili ndi la Li-ion (lithium lotchaja), la 3.7V, ndipo likadzaza limafika 4.2V. Mukaliika mu tochi yopangidwira 1.5V, iwala modabwitsa kwa kanthawi kochepa, kenako LED (kababu kotulutsa kuwala) kapena kabolodi kake kapsa. Musaliike pokhapokha pepala la tochiyo litanena kuti imalandira 10440. Chimodzimodzinso 14500, limene limafanana ndi AA.

Gulu lachiwiri ndi la batire lomangiriridwa m'kati, lotchajira pa USB, monga Nitecore TINI 2, RovyVon Aurora kapena Olight i1R 2 Pro. Timeneti n'topepuka, timawala kwambiri, ndipo munthu amene ali ndi sola kapena power bank sagulanso mabatire. Vuto lake ndi loti kakatha mphamvu usiku magetsi kulibe, simungangosintha batire, ndipo pakapita zaka zingapo batirelo likatopa katochi konse katha ntchito. Pogula, sankhani ka USB-C osati ka micro-USB, ndipo kayeseni ndi chingwe chimene mumatchajira foni. Matochi ena otchipa ali ndi bowo la USB-C koma opanga sanaikemo tizipangizo tiwiri ta 5.1 kΩ timene timauza tchaja kuti itulutse magetsi. Zikatero, chingwe cha C mbali zonse sichigwira, koma cha USB wamkulu uja mbali imodzi chimagwira bwinobwino. Anthu ambiri ataya matochi abwino poganiza kuti afa pamene vuto linali chingwe. Yang'aninso kamphira kotseka bowolo, chifukwa ndi kamene kamayamba kuthothoka makiyi akamakakhula tsiku ndi tsiku.

Timatochi ta mabatire obulungira ngati ndalama yachitsulo, CR2016 kapena CR2032, n'tochepetsetsa koma kuwala kwake kumayamba kutsika mukangoyatsa. Ngati m'nyumba muli mwana wokwawa, ganizani kawiri. Makiyi ndi chinthu chimene ana amakonda kuika m'kamwa, ndipo batire lotere likamezedwa n'kutsakamira pakhosi limawotcha mnofu pa maola awiri okha. Zikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale mwanayo akuoneka bwino.

Mtundu wa kuwala nawo uli ndi ntchito. LED ya 6500K (K ndi muyezo wa mtundu wa kuwala) imawala mobiriwira ngati ya galimoto zatsopano, ndipo imafafaniza mitundu. Ya 4000K mpaka 5000K yokhala ndi CRI (muyezo wa mmene kuwala kumaonetsera mitundu molondola) 90 kapena kuposerapo, monga Nichia 519A, imataya ma lumen pang'ono koma imaonetsa zinthu mmene zilili masana. Kusiyanaku mumakuona pamene mukufuna kusiyanitsa waya wofiira ndi wabulauni m'bokosi la magetsi, kuona ngati bala latupa, kapena kuzindikira ngati chili m'masamba oumawo ndi kamtengo kapena njoka.

Tsopano kukonza. Cholinga ndi chimodzi pa tochi iliyonse: mukadina kamodzi mumdima izikupatsani kuwala kumene mukukuyembekezera, kotsika, nthawi zonse, ndipo isamayake yokha m'thumba. Matochi ambiri amabwera akukumbukira kuwala kumene munasiyira. Dzulo munaunikira galu kumpanda ndi kuwala konse, lero pakati pa usiku mwayatsa m'chipinda, banja lonse ladzuka. Ngati tochi yanu imalola kuzimitsa kukumbukiraku, kuzimitseni. Ngati siilola, phunzirani njira yake yachidule yoyambira pansi, imene pa matochi ambiri a batani ndi kudina n'kugwiririra tochi ili yozima. Eni a Nitecore TINI adziwe kuti ili ndi Demo mode imene imazimitsa tochi pakapita masekondi 30. Ngati yanu ikuzima yokha, dinani n'kugwiririra mabatani onse awiri pamodzi kuti mupite ku Daily mode, imene siizimitsa tochi yokha.

Matochi amene amakonzeka mozama ndi amene ali ndi pulogalamu ya Anduril 2, imene inalembedwa ndi katswiri wodziwika ndi dzina loti ToyKeeper. Chitsanzo chaching'ono ndi Wurkkos TS10, yotalika masentimita 6 okha, ya batire la 14500 limene mumatchajira pa tchaja yapadera. Malangizo a Anduril amalembedwa mwachidule: 3C ndi kudina katatu mofulumira, ndipo 7H ndi kudina kasanu ndi kamodzi kenako kachisanu ndi chiwiri n'kugwiririra osachotsa chala.

Tochi yatsopano ya Anduril imabwera ili pa Simple UI, imene siilola kusintha zambiri. Ili yozima, chitani 10H kuti mulowe ku Advanced UI, imene imalola kusintha zonse. Yatsani ndi 1C, gwiririrani batani muone kuwala kukukwera, mukasiya n'kugwiriranso nthawi yomweyo kukutsika. Anduril ili ndi masitepe 150 a kuwala, ndipo choyamba ndi kuika malire. Tochi ikuyaka, chitani 7H ndipo musachotse chala. Iziphethira kamodzikamodzi, ndipo kuphethira kulikonse ndi chinthu chimodzi chosintha. Mukachotsa chala pambuyo pa kuphethira koyamba, mukusintha malire apansi. Tochi iyamba kunjenjemera, ndipo pamenepo dinani nambala ya sitepe imene mukufuna. Sitepe 1 pa matochi ena imathimathima kapena siyaka n'komwe, choncho yambani ndi 3 kapena 5, muyese mumdima weniweni osati masana. Mukamaliza dikirani masekondi angapo, kunjenjemera kusiya kokha ndipo nambala yasungidwa.

Malire apamwamba amasokoneza anthu chifukwa amawerengedwa chobwerera. Chitaninso 7H, chotsani chala pambuyo pa kuphethira kwachiwiri. Kudina kamodzi ndi sitepe 150, kawiri ndi 149, ndiye kuti mumachotsa nambala ya kudina kwanu pa 151. Kuti malire akhale 120, dinani ka 31. Pa mapulogalamu atsopano kugwiririra kamodzi kumawerengedwa ngati 10, choncho mumagwiririra katatu n'kudina kamodzi. Pa katochi kakang'ono chonchi malire a 110 kapena 120 ndi anzeru, chifukwa masitepe apamwambawo amangopangitsa kutentha. Anduril imayamba kudzitsitsa yokha ikafika pa 45°C, ndipo usiku wotentha wa mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje imafikapo msanga kusiyana ndi ku Dedza mu Juni. Musakweze nambala imeneyi pofuna kuwala kochuluka, dzanja lanu ndi batire ndi zimene zingavutike.

Kenako ikani poyambira pokhazikika. Kwezani kuwala kufika pamene mukuona kuti n'pokwanira kuyendera m'nyumba, ndiye chitani 10C tochi ikuyaka. Iphethira, ndipo kuyambira pamenepo 1C izikubweretsani pomwepo ngakhale dzulo munasiyira pamwamba. 1H ili yozima imakupatsani kuwala kotsikitsitsa, 2C imakupatsani malire apamwamba. Njira zitatu zimenezi n'zimene chala chanu chiyenera kuloweza.

Loko wa batani la tochi si wongosewera naye. Tochi ya Li-ion ikayaka yokha m'thumba pa kuwala konse imatha kusungunula nsalu ya nayiloni ndi kuwotcha ntchafu. 4C ili yozima imaikiya, ndipo 4C imaitsegulanso. Ili yokiyidwa, mukagwiririra batani imapereka kuwala kochepa kwa nthawi imene chala chili pamenepo, kokwana kutsegulira chitseko. Popeza munthu amaiwala, ikani kuti izidzikiya yokha: ili pa loko chitani 10H, chotsani chala pambuyo pa kuphethira koyamba, dinani nambala ya mphindi, monga kawiri kapena katatu. Timagetsi tating'ono timene timawala tochi ili yozima timasinthidwa ndi 7C. Tiikeni pa kuwala kotsika kapena tizimitseni, chifukwa pa kuwala kwakukulu timamwa batire tochi ili chikhalire pa msomali.

Kuti mudziwe mphamvu yatsala, chitani 3C ili yozima. Ikaphethira katatu, n'kupuma, n'kuphethira kasanu ndi kawiri, ndiye 3.7V. Ikafika 3.4V kapena 3.5V tchajani, osadikira kuti ithere pansi, chifukwa Li-ion imafupika moyo ikamaphwetsedwa kawirikawiri, komanso ikamasiyidwa m'galimoto yotsekedwa padzuwa. Mukasokonezeka pokonza, 13H ili yozima, chala chili chigwirire mpaka itawala mwamphamvu kamodzi, imabwezera zonse mmene zinachokera kufakitale. Mukamaliza zonse mukhoza kukhalabe pa Advanced UI, koma pobwereka mwana kapena agogo chitani 10C ili yozima kuti ibwerere ku Simple UI, asalowe mwangozi m'kuphethira kothobwa m'maso kumene kuli pa 3H.

Zimene zimawonongeka pa katochi ka pa makiyi kawirikawiri si LED. Ka mutu wopotokola kamamasuka pang'onopang'ono makiyi akamagwedezeka, mpaka tsiku lina mumapeza pa mphete patsala thupi lokha, mutu ndi batire zinagwa kale. Pogula werengani kuti mutuwo mumauzunguza kangati usanachoke. Ngati ndi kosapitirira kawiri, kasiyeni. Tochi ikayamba kuthimathima, pukutani mazinga ake ndi mutu wa batire ndi thonje lonyowetsedwa ndi sipiriti, kenako pakani girisi wa silicone pang'ono kwambiri pa kamphete ka mphira. Vaseline amafewetsa mphira wamtundu wina n'kuutupitsa, ndiye madzi amayamba kulowa. Musamangirire katochi mwachindunji pa mphete yaikulu yolimba, chifukwa imapotokola kabowo ka kumchira mpaka kuthyoka. Ikani kamphete kakang'ono pakati, kapena kogwirira kotsegula msanga kuti muzitha kuchotsa tochi kiyi ili m'loko, ndipo kamphete kameneko kasintheni mukangoona kuti kayamba kuyasama.