Mwana kapena agogo akasintha khalidwe, yambani mwayezetsa thupi

Dzulo agogo amaswa mtedza pakhonde akucheza bwinobwino. Lero akubwebweta, akuitana mdzukulu ndi dzina la munthu amene anamwalira kalekale, ndipo usiku akulimbana ndi chitseko ati akupita kwawo. Pakhomo ena ati apenga, ena ayamba kunong'onezana za ufiti. Koma nthawi zambiri chadwala ndi thupi. Ubongo wa mwana ukadali kukula, wa munthu wokalamba unafooka, choncho sizitenga nthawi kuti matenda a m'thupi aonekere m'maganizo mwawo.

Kwa okalamba

Funso loyamba ndi lakuti zayamba liti. Zikayamba mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena masiku awiri atatu, munthu n'kumakhala bwino m'mawa koma kukamada n'kusokonezekanso, musadikire kuti kuche kawiri. Chibayo, malungo, matenda a njira ya mkodzo ndi kuchepa kwa madzi m'thupi zimachita zimenezi, ndipo kwa okalamba thupi silitentha nthawi zonse. Wodwala shuga amene wamwa mankhwala kapena kubaya insulini koma osadya amatha kutuluka thukuta, kunjenjemera ndi kulusa ngati waledzera. Wa BP akayamba kulankhula zosamveka, pakamwa patapotoka, n'kutheka kuti ndi sitiroko. Amene anazolowera kachasu tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi amatha kuona zinthu zomwe palibe pakapita masiku awiri kapena atatu. Zambiri mwa izi zimatha matenda akewo akachizidwa msanga.

Kuiwalaiwala kobwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka ndi nkhani ina. Ndi matenda a ubongo otchedwa dementia. Gogo wotere amasochera, mwina n'kupezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ake. Ena mwa okalamba amene amamenyedwa powanamizira ufiti ndi odwala otere.

Pali china chimene timachidutsa. Kudya nsima yokhayokha kwa miyezi, popanda nyemba, mtedza kapena usipa, kumabweretsa pellagra: khungu limada n'kusupuka m'khosi ndi m'mikono momwe dzuwa limawomba, munthu amatsegula m'mimba, kenaka mutu umasokonezeka. Mankhwala ake ndi vitamini B3. Komanso kusamva bwino, ng'ala ndi ululu wosatha zimam'khalitsa munthu yekhayekha mpaka kudwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ife tikungoti ndi ukalamba.

Kwa ana

Mwana amene anakomokapo ndi malungo a muubongo amafunika diso ngakhale atatuluka m'chipatala. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 aliwonse opulumuka anadzayamba khunyu, ndipo ena anasintha khalidwe: kusakhazikika, ndewu, kusamvera. Zizindikirozi zimatha kuoneka patapita miyezi, makolo ataiwala kale za malungo aja, n'kumangoti mwanayu wapulupudza. Chikwapu sichichiza ubongo wovulala.

Matenda oumitsa khosi, kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, kuvulala m'mutu, kunyentchera, HIV yosalandira mankhwala, ndiponso mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera zimaonjezeranso chiopsezo cha mavuto otere. Khunyu lina siligwetsa pansi. Mwana amangoti duu kwa kanthawi kochepa, aphunzitsi n'kumati ndi waulesi. Ngakhale phenobarbitone, mankhwala othandiza pa khunyu, amachititsa ana ena kukhala osakhazikika. Mukaona zotere uzani adokotala, koma musam'siyitse nokha, chifukwa khunyu likhoza kubwerera mwamphamvu.

Popita kuchipatala

Tengani kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, a kugolosale ndi azitsamba omwe. Apite naye munthu amene amakhala naye, woti afotokoze tsiku limene zinayamba ndi matenda amene anadwalapo kale. Yambirani pachipatala chapafupi. Akaona kuti m'pofunika akutumizani kwa anamwino a matenda a maganizo pachipatala cha boma, ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Wodwala akakomoka, akauma khosi, akafooka mbali imodzi ya thupi kapena akanena zodzipha, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.