Amati calculus ndi yovuta, koma chimagwetsa ambiri ndi algebra

Chaka chilichonse m'kalasi mwanga ku yunivesite mumalowa achinyamata amene anakhoza bwino masamu pa MSCE, ena ndi 1 kapena 2. Akalemba mayeso oyamba a calculus, masamu ofufuza mmene zinthu zimasinthira, ambiri nkhope zimagwa. Koma ndikamachonga mapepala awo ndimapeza kuti calculus yeniyeniyo anaimva. Chawapunthwitsa ndi algebra imene anaisiya kusekondale.

Cholakwika chimene chimanditopetsa ndi ichi: wophunzira kulemba kuti (a + b)² ndi chimodzimodzi a² + b². Sindikangana naye. Ndimangoti, "Taika 3 ndi 4 tione." Mbali ina kutuluka 49, inayo 25. Wataya 2ab, ndipo tsamba lonse la ntchito yabwino lapita madzi chifukwa cha mzere umodzi. Ma fraction okhala ndi zilembo, ma logarithm ndi ma indices zimachitanso zomwezo.

Trigonometry nayo ili ndi msampha wake. Kusekondale munazolowera madigiri, koma kuyunivesite timayeza ngodya m'ma radian, pomwe π ndi madigiri 180. Mu calculus, derivative imatiuza kuti chinthu chikusintha mofulumira bwanji, ndipo lamulo loti derivative ya sin x ndi cos x limagwira pokhapokha x ali m'ma radian. Ndaonapo anthu akulephera funso lonse kaamba koti kakyuleta anaisiya pa madigiri.

Ofuna fizikisi musaganize kuti mwapulumuka. Bango likathothoka pa nthambi, pakatha sekondi imodzi lagwa mamita 4.9, ndipo liwiro lake lafika mamita 9.8 pa sekondi. Kusekondale munaloweza mafomula awiri osiyana. Kuno mudzaona kuti ndi chinthu chimodzi: ngati t ndi nthawi m'masekondi, mtunda ndi 4.9t², ndipo derivative yake, 9.8t, ndiye liwirolo. Isaac Newton anakonza calculus m'zaka za m'ma 1600 akulimbana ndi mafunso a kayendedwe ka zinthu ngati amenewa, ngakhale kalembedwe ka dy/dx kamene timagwiritsa ntchito ndi ka Leibniz.

Nthawi yokonzekera ilipo, ndipo ndi yambiri. Kuchokera pomaliza mayeso a Fomu 4 kufikira potuluka mayina a opita ku UNIMA, MUBAS, MUST kapena Mzuni, pamadutsa miyezi munthu ali pakhomo. Ambiri mabuku amawatsekera m'chikwama. Ine ndimati ola limodzi patsiku, ndi kope ndi pensulo, likukwana. Ngati kusukulu kwanu kunalibe Additional Mathematics, bwerekani buku lake kwa mnzanu muyambe. Pa intaneti pali maphunziro aulere a MIT OpenCourseWare ndi Khan Academy, koma chenjerani: kuonera wina akusova samu n'kokoma, ndipo kumanamiza kuti nanunso mwadziwa. Imitsani kanemayo, muisove nokha, kenaka muyerekeze.

Chimene chimadabwitsa ambiri akafika ku linear algebra ndi maphunziro ena a patsogolo n'choti yankho lokha silikhalanso ndi malikisi. Timafuna umboni. Yesani ichi lero: aliyense amadziwa kuti 3 kuphatikiza 5 ndi 8, ndipo 7 kuphatikiza 9 ndi 16. Onetsani kuti manambala awiri alionse osagawika ndi 2 akaphatikizidwa amapereka nambala yogawika ndi 2. Zitsanzo, ngakhale mutalemba 100, si umboni. Yambani polemba nambala yoyamba ngati 2m + 1, yachiwiri ngati 2n + 1, muone chimene chituluke.