Piritsi long'aluka chikuto musalimwe

Anthu ambiri amaganiza kuti chikuto chosalala cha piritsi n'chongokongoletsa. Ndiye amasinja, amadula pakati ndi lezala, ena amatulutsa mapiritsi onse m'pepala lake lonyezimira n'kuwathira m'kajumbo. Zimatopetsa kubwereza tsiku ndi tsiku, koma pa mapiritsi ena chikutocho ndi gawo la mankhwala enieniwo.

Chikuto chimapangidwa ndi polima, zinthu zonga pulasitiki zokhala ndi ulusi wosaoneka ndi maso, monga hypromellose, ethylcellulose kapena Eudragit L 30 D-55. Polima payekha ndi wouma gwa. Ethylcellulose safewa mpaka kutentha kufike madigiri pafupifupi 130, ndipo atawazidwa yekha pa piritsi, pouma amang'aluka, makamaka m'mphepete ndi pa zilembo. N'chifukwa chake opanga amathiramo chofewetsa chotchedwa plasticizer, kaya triethyl citrate, polyethylene glycol kapena dibutyl sebacate. Tinthu take timalowa pakati pa ulusi wa polima kuti ulusiwo uzitha kusuntha, monga mafuta amafewetsera chikopa chouma. Chikuto chimayamba kutamuka osaduka, ngakhale kuti kulimba kwake kumatsikako.

Muyeso wake ndi wovuta. Pa Eudragit nthawi zambiri amathira magawo 10 mpaka 20 pa magawo 100 a polima wouma, pa ethylcellulose amafika 20 mpaka 30. Akachepa, pamabwera timing'alu tosaoneka ndi maso. Akachuluka, chikuto chimanata, mapiritsi amamatirirana m'makina ozungulira owakutira chikuto, ndipo polekana lina limasupula linzake.

Tsono madzi nawo amafewetsa polima chimodzimodzi. Chinyontho cha nyengo yamvula chikalowa m'chikuto, muyeso womwe wopanga anauyeza mosamala uja wasokonekera. Kutentha kumawonjezera vutolo, chifukwa chikuto chimafewa ndipo plasticizer amatha kusamukira m'kati mwa piritsi. Pabokosi akalemba kuti musapyole madigiri 30, chimodzi mwa zifukwa zake n'chimenechi. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala, m'nyumba ya malata, madigiri 30 amapyoledwa dzuwa lisanafike paliwombo.

Chomwe chimandisowetsa mtendere ndi sodium valproate, mankhwala a khunyu, mapiritsi ake okutidwa aja. Mankhwalawa amayamwa chinyontho kwambiri. Wosamalira wodwala, pofuna kuti asaiwale kumwetsa, amatulutsa mapiritsi a mwezi wonse n'kuwaika m'kabotolo kapena kuwamanga pansonga ya chitenje. Cholinga n'chabwino. Koma chinyontho chimadutsa chikuto, m'kati mumafufuma, ndipo chikuto chomwe chafewa kale chimaphulika. Piritsi limanyowa n'kumatirira m'zala, mankhwala ena amatsalira m'kabotolo, ndipo palibe angadziwe kuti wodwala wamwa ochuluka bwanji. Munthu wa khunyu akayambanso kugwa, angagwere pamoto kapena m'madzi. Achibale nawo amayamba kunena kuti zachipatala zalephera, n'kupita naye kwa ogulitsa zitsamba, n'kumusiyitsiratu mankhwala, pomwe vuto linali kasungidwe.

Mapiritsi okutidwa kuti asasungunuke m'mimba amayesedwa maola 2 mu asidi asanaloledwe kugulitsidwa. Eudragit L 30 D-55 amasungunuka asidi akachepa, pH (muyeso wa asidi) ikapitirira 5.5, kutanthauza m'matumbo. Mng'alu umodzi ndi wokwana kulowetsa asidi. Omeprazole, mankhwala a zilonda za m'mimba, amawonongeka ndi asidi wa m'mimba, choncho timibulu ta m'kapisozi yake sititafunidwa kapena kusinjidwa. Diclofenac (ochepetsa ululu) ndi bisacodyl (a kudzimbidwa) okutidwa akasinjidwa amakanda m'mimba.

Piritsi lizituluka m'pepala lake pa nthawi yomwa basi. Long'aluka, lonata kapena lotupa, pitani nalo ku famase kapena kuchipatala tsiku lomwelo kuti akupatseni lina, makamaka ngati ndi la khunyu, lomwe silifunika kudumphitsa. Wodwala akamalephera kumeza, funsani ngati alipo amadzimadzi musanagwire supuni yosinjira. Ndipo mapiritsi oyalidwa padzuwa pamsika, owerengedwa ndi manja m'kajumbo, musagule ngakhale atchipe bwanji. Ogulitsa mankhwala ovomerezeka amakhala ndi chiphaso cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo mukhoza kupempha kuchiona.