Mpikisano wa nkhani za dziko la mawa: mafunso ndi mayankho

Gulu lathu lowerenga mabuku kuno ku Salima likulandira nkhani zopeka za utopia (dziko lokoma) ndi dystopia (dziko loopsa). Nawa mafunso amene achinyamata akhala akutifunsa.

Kodi tilembe zotani kwenikweni?

Pekani dziko limene kulibe, lokhala ndi malamulo akeake. Likhoza kukhala lokoma ngati chilumba cha m'buku la Thomas More lotchedwa Utopia, la mu 1516, kumene anthu amagwira ntchito maola 6 okha patsiku ndipo palibe wonena kuti munda uwu ndi wanga. Likhozanso kukhala loopsa ngati la George Orwell mu Nineteen Eighty-Four, buku la mu 1949, kumene boma limaonerera munthu ngakhale ali m'nyumba mwake.

Bwanji mukukakamira kuti nkhani ichitikire kunyanja kuno?

Chifukwa zolemba zilipo pakhomo pompano. Taonani chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a Makanjira amatseka usodzi m'nyengo ya dzinja, ndipo mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa pachilumbapo. Utaka umaswana, msodzi amayamika. Koma amayi saloledwa kupondapo, ndiye mukafunsa mayi wa geni ya nsomba amene amadikira bwato kumtunda, mwina angakuuzeni zina. Oweruza adzafunafuna munthu wotere m'nkhani yanu, amene lamulo lokomera ambiri lamusiya kunja. Pajatu ngakhale pachilumba cha More chija panali akapolo. Nkhani imene aliyense akusekerera kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza sidzapita patali.

Nanga zandale n'zololedwa?

Inde. Kale zinali zina: pansi pa lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisangalalo, Animal Farm ya Orwell yemweyo inaletsedwa m'dziko muno, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anakhala kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Lero gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wolankhula zakukhosi. Ife tangoletsa kutchula dzina la munthu weniweni, kaya phungu kaya nyakwawa.

Maloboti ndi makompyuta olamulira anthu?

Aikeni ngati nkhani ikuwafuna. Shadreck Chikoti, Mmalawi mnzathu, anaika buku lake la Azotus the Kingdom zaka 500 kutsogolo.

Chilankhulo ndi kutalika kwake?

Chichewa, mawu osapitirira 1,500. Zolemba pamanja tilandira, bola ziwerengeke.