Mabuku a mapemphero a Ayuda akale aja anapulumuka bwanji?

Ukaona zithunzi za mabuku a Ayuda olembedwa pamanja, a zilembo zikuluzikulu ndi zojambula zokongola aja, ungaganize kuti aliyense ankapemphera ndi buku lotero. Ayi ndithu. Ife osamala mabuku akale timadziwa kuti kabuku ka tsiku ndi tsiku, kotchedwa siddur, kankatha msanga ndi thukuta la m'manja, ndiye poti muli dzina la Mulungu sakanakataya kudzala, ankakaika m'chipinda chotchedwa geniza kenako n'kukakwirira kumanda. M'dothi la chinyezi la ku Ulaya basi kabuku kathera pompo.

Ku Cairo zinayenda mosiyana. Mu sunagoge wa Ben Ezra ankangoponya mapepala m'chipindamo zaka mazanamazana osakawakwirira, kunja kouma gwa, mpaka katswiri wina wa zolemba za Ayuda, Solomon Schechter, anatengako zidutswa pafupifupi 193,000 kupita nazo ku Cambridge mu 1897.

Athunthu amene anatsala ambiri ndi zimabuku za mpingo, za mapemphero a zikondwerero, zotchedwa mahzor. Tengani la ku Worms ku Germany, lomwe Simcha ben Yehuda anamaliza kulemba mu 1272. Ndi la chikopa, ndipo chikopa chokonzedwa bwino chikangopewa madzi ndi moto chimapirira kuposa pepala lathu lamakonoli, komanso ndi chibuku cholemera moti m'kati mwa zilembo za liwu lina analembamo dalitso m'Chiyidishi, chiyankhulo cha Ayuda a ku Ulaya, loti tsiku labwino limufikire yense wonyamula bukuli kupita nalo ku sunagoge. Kamzere kameneka ndi kakale kuposa tonse ta Chiyidishi todziwika chaka chake, kukhala ngati mlembiyo ankawamvera chisoni onyamulawo.

Koma chikopa pachokha sichiletsa moto eti. Ku Paris cha m'ma 1242 anatentha mabuku a Talmud, a malamulo ndi ziphunzitso za Ayuda, odzaza ngolo 24, ndipo mabuku ena olandidwa ankang'ambidwa n'kusanduka zikuto za mabuku a m'maofesi, mpaka pano akatswiri akusendabe masamba achiheberi m'zikuto zakale ku Italy ndi ku Germany. Buku la ku Worms lija ankalipempherera mpaka Novembala 1938 pomwe a Nazi anatentha sunagogeyo. Wosunga zikalata za mzindawo, Friedrich Illert, analibisa mu nsanja ya tchalitchi chachikulu, nkhondo itatha panakhalanso kulimbirana kuti mwini wake ndani, ndipo mu 1957 linapita ku laibulale ya dziko ku Jerusalem.