Ma yearo a ku Mangochi, musamakhale chete mu semina

Makolo ambiri kuno ku Mangochi mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, kaya ku UNIMA ku Zomba, ku LUANAR kapena ku MZUNI, mafunso awo amakhala a fizi, loni ndi malo ogona basi. Nzofunika zimenezo, koma ineyo ngati mphunzitsi wa ana a chaka choyamba, aja timawati ma yearo, chimene chimandidetsa nkhawa ndi semina, ena amati tutoriyo.

Ku sekondale mwana anazolowera kuti aphunzitsi alemba manotsi pa bolodi, iye akopera, aloweza, pa MSCE nkukabweza zomwezo. Ku yunivesite nako zoterezi zilipo, mumadzadza mu holo lekichala akuyankhula yekha. Semina ndi ina. Amakugawani m'timagulu, amakupatsani zoti mukawerenge nthawi isanakwane, ndiye tsiku lakelo oyankhula ndinu, mphunzitsi amangofunsa nkumawongolera. Wina afotokoza zomwe wawerenga, anzake amutsutsa kapena kuonjezera. Izi zimachitika kaya ukuphunzira zamalamulo, zaulimi, zachuma kapena mbiri yakale, ndipo m'makosi ambiri malikisi ena amachokera ku ntchito za mkati mwa semesita, si mayeso omaliza okha ayi.

Tiyerekeze funso la tsikulo ndi lakuti, kodi chambo chinatheranji ku nyanja ya Malombe? Wa sayansi anena kuti chambo chimasunga mazira ndi ana mkamwa, ndiye ukagwira mayi wapha mbeu yonse, komanso makoka a nkacha amakokolola pansi pomwe nsomba zimaswanirana. Wa zachuma afunsa kuti nanga msodzi ukamuletsa adya chani, ana ake alipira bwanji sukulu. Wa zamalamulo abweretsa lamulo la zausodzi la 1997 ndi ma Beach Village Committee, makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi, omwe anayambira ku Malombe konko ndi kumtunda kwa Shire cha m'ma 1993, nkufunsa ngati makomitiwo analidi ndi mphamvu pamaso pa mafumu ndi eni makoka. Yankho limodzi lokhoza palibe, chomwe mphunzitsi akufuna nchoti uikire kumbuyo maganizo ako ndi umboni.

Tsono apa ndi pomwe mtima umandiwawa. Mwana wa kwa Chimwala kapena ku Malindi amene wakula akuona nkacha ukukokedwa, amadziwa mmene asodzi amazembera nyengo yotseka nyanja, ali ndi zinthu zomwe m'buku mulibe, koma amangokhala phee kumbuyo, pomwe mnzake wa ku Lilongwe yemwe chambo anangochiona m'mbale ndi amene akutenga mphindi zonse.

Zifukwa zake ndimazimvetsa. Ambiri kunyumba ndi Chiyao, kusukulu Chichewa, Chizungu nchachitatu, ndiye amaopa kuti akathyola anzawo aseka. China nchoti tinaleredwa kuti kutsutsa wamkulu ndi mwano, makamaka atsikana. Koma mu semina kunena kuti "a lekichala, pamenepo ndikuona mosiyana chifukwa cha ichi" si mwano, ndi ntchito yomwe unapitira kumeneko. Ndipo Chizungu chothyoka chokhala ndi mfundo chimapeza malikisi kuposa chosalala chopanda kanthu, ife timamvera mfundoyo.

Ndiye iwe yearo, werenga zomwe wapatsidwa ngakhale tsamba lina likuvute, lemba funso limodzi papepala, ulinene koyambirira mantha asanakule. Ukaona kuti sukumva, pita ku ofesi kwa mphunzitsi pa nthawi yomwe anaika yoonana ndi ophunzira, ambiri sapitako.

Inunso makolo mukamuimbira foni mwana wanu musamangofunsa ngati ndalama yatsala, mufunseni kuti sabata ino wanenapo chani m'kalasi, ndipo akabwera pa holide nkuyamba kukutsutsani pa nkhani ya mitengo ya usipa kapena ya fetereza, musamudule pakamwa, mufunseni kuti umboni wake uli kuti.